Nazale ya Akamba

Maganizo ochoka anandipeza ku dimba, keni ili m'manja. Chinali chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okushoni, ndipo bambo ake a mwana wanga Tadala, amene ankayendetsa thiraki, anali atawoloka malire n'kukayamba banja lina ku Chipata. Lobola anali asanapereke, choncho sanaone chifukwa chodzatsanzikira. Ndinayang'ana mabedi a nazale, ndinayang'ana mwana wanga akuumba timiphika tadothi pafupi ndi chitsime, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Achemwali, ine ndikupita ku Joni."

Achemwali anga a Rozina sanaweramuke n'komwe. Anapitiriza kuyala udzu pa bedi limene tinali titangofesa.

"Nanga mwanayu?"

"Zaka ziwiri zokha. Ndikakhazikika ndidzabwera kudzamutenga."

"Chabwino. Koma taona, ukuthirira njira m'malo mwa bedi."

A Rozina ndi otero, nkhani ikakula iwo amachepetsa mawu. Anabereka anyamata okhaokha atatu, ndiye Tadala, wa zaka zinayi, anamulandira ndi manja awiri. Tsiku lonyamuka ndinabisa chikwama changa m'thumba la ufa kuti mwana asazindikire. Ndinamuuza kuti, "Ndikubwera, ndikupita ku chigayo." Iye anati ndimugulireko mandasi. Bodza limenelo ndinalisenza kuchokera kwathu kwa Mlonyeni mpaka ku Durban, ndipo zaka ziwiri zija zinasanduka zisanu ndi ziwiri.

Za zaka zoyambazo sindikonda kukamba. Tinkagona azimayi asanu a ku Malawi m'chipinda chimodzi. Ndinkachapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu amene sankadziwa dzina langa, ndipo masiku a mu pasipoti atatha, ndinkati ndikaona galimoto ya polisi ndinkakhotera m'kanjira kena. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ngakhale sabata imeneyo ndigonere buledi ndi tiyi. Malata ali pa nyumba ya achemwali lero ndi thukuta langa. Koma kusungulumwa kwa m'tauni ya eni n'kwina. Lamulungu ndinkapita ku tchalitchi kukangomva anthu akuimba, misa ikatha n'kukhalabe pa benchi mpaka wotseka zitseko andiyang'ane.

Chaka chachitatu mnzanga anandipezera ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina amene aliyense ankamutchula kuti Dokotala. Anali munthu wachilungamo, ndipo ndi amene anandithandiza kukonza mapepala anga. Sabata yoyamba ndinalimba mtima n'kuwadandaulira za msana. Anaseka mpaka misozi.

"Veronica, ine anthu sindichiza. Ine ndimafufuza za akamba a m'nyanja."

Kwathu kamba ndi kanthu kamene ana amatola kuthengo pozula bowa, ndipo nkhasi za m'dambo palibe amaziwerengera. Munthu n'kutha zaka zonsezo pa sukulu, n'kugula galimoto, chifukwa cha kamba? Bwana satsutsidwa sabata yoyamba, koma mumtima ndinati dziko lino anthu anakhuta.

Chaka chilichonse, kuyambira Novembala mpaka Malichi, a Dokotala ankasamukira kumpoto, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene kuli gombe lalitali lopanda nyumba. Ine ndinkatsala kulondera nyumba ndi galu. Chaka changa chachisanu ndi chimodzi, wophika wa kumeneko anasiya ntchito, ndiye anandiuza kuti ndilongedze mapoto. Tili m'njira anandiuzanso chinthu chimene ndinkachilota. Anati nyengo ya akamba ikatha adzandithandiza kupezera Tadala malo a sukulu ku Durban, poti kachipinda kanga ka kuseri n'kokwanira anthu awiri. Ulendo wonsewo ndinkangomwetulira ndekha ngati wotola ndalama.

Nyanja ndinali nditaionapo ndili pa windo la minibasi, koma kuiyandikira ayi. Madzi aakulu amene ndinakula ndikuwadziwa ndi a Bua akasefukira, ndipo Bua amaphwera. Awa ankangobwera, kubwerera, kubweranso, osatopa. Ndinaviika chala n'kulawa. Mchere wake ungakoleze ndiwo za pa maliro onse a m'boma la Mchinji.

M'mawa mwake ndinaona mkukuluzi pamchenga, wotambalala ngati padutsa tayala la thirakitala, wochokera m'madzi kukwera kumtunda n'kubwereranso. Anandilongosolera ndi a Jabulani, bambo wachikulire wa m'mudzi wapafupi, amene ntchito yawo inali kuyenda pagombe m'mamawa kuwerenga mikukuluzi imeneyi. Anati wadutsa ndi kamba wamkazi. Wakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, waikira mazira pafupifupi handiredi, wakwirira, wabwerera m'madzi. Tsiku limene ndinamuona ndi maso anga, wina amene anachedwa mpaka kunja kunayera, ndinachita chizindikiro cha mtanda. Anali wamkulu ngati chitseko, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, misozi ikutsika m'maso. A Dokotala anati si kulira kumeneko, akutaya mchere umene wamwa. Ine ndinati mayi aliyense pobereka amatero, musandiuze.

Ine ndi a Jabulani tinkamvana mokoka, iwo Chizulu, ine Chingerezi cha kukhitchini. Atamva kuti ndine NaJere, ndiponso kuti makolo athu Angoni anachokera cha komweko kalekale, anandiimbitsa nyimbo ya ngoma imene bambo anga ankakonda. Ine tanthauzo lake sindilidziwa, ndimangoimba monga timachitira tonse kwa Mlonyeni. Iwo anamva theka lake, n'kuwomba m'manja.

"Ndiye iwe sisi ndiwe kamba! Wabwerera pagombe la kwanu."

Ndi mmene ndinadziwira kuti kamwana ka kamba kakalowa m'madzi kamasowa zaka makumi awiri kapena atatu, kenaka, ngati ndi kakakazi, kamabwerera kudzaikira mazira kudera komwe kanaswedwa. Ndinawafunsa a Dokotala kuti njira amawalozera ndani, m'madzi mopanda mtengo kapena chulu. Anati dziko lapansi lili ngati maginito aakulu, malo alionse ali ndi kakokedwe kakekake, ndipo akamba amakamva m'thupi. Anati ofufuza ena anayesa tiana m'mathanki, n'kupeza kuti akasintha mphamvu ya maginito, tianato timatembenuka n'kusambira kulowera kwina. Koma anavomera kuti zambiri sizikudziwikabe. Ine ndinati kwathu timati munthu amakokedwa ndi kumene kunakwiriridwa mchombo wake. Analemba zimenezo m'kabuku kawo, ndipo ndinayenda modzimva tsiku lonse.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wa mafunso. Ndinkabweretsa tiyi n'kukakamira pomwepo, mbale zikundidikira. Tsiku lina masana a Dokotala anandiveka zomvera m'makutu kuti ndimve mawu amene anajambula chaka chatha m'kati mwa dzenje, mazira atatsala pang'ono kuswa. Poyamba ndinangomva mafunde. Kenaka ndinamva timaphokoso, ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga kuseri kwa nyumba. Anati kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti kamba alibe mawu, koma tsopano zapezeka kuti tiana timayamba kulira tili m'mazira momwemo. Ena akuganiza kuti timakhala tikupangana tsiku lotuluka, poti kamodzi pakokha sikangathe kufukula mchenga wonsewo. Ndinawapempha kuti andiikire mawuwo mu foni yanga.

"Nanga amayi awo amabwera liti kudzawafukula?" ndinafunsa.

"Sabwera. Akakwirira, basi. Amatha kudzaikira ena chapafupi, koma dzenje lakale salifunanso."

Anandionetsa pa kompyuta kadontho kofiira pakati pa madzi, kufupi ndi Madagascar. Anali kamba amene anamumata kachipangizo pamsana chaka chatha, ndipo akavuuka kudzapuma kankatumiza uthenga wa kumene ali. Ana ake anaswa, ena anadyedwa ndi nkhanu, ena anapulumuka, iye ali uko akudya. Ndinakayang'ana kadonthoko nthawi yaitali, ndipo sindinakakonde.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Lamulungu lililonse ndinkakwera pa chitunda cha mchenga kumene foni inkagwira, n'kuimbira kumudzi. A Rozina ankandiuza za mvula, za feteleza, za amene wamwalira, kenaka ankati, "Iwe Tadala, bwera uthokoze nsapato." Pankamveka kupuma kwa mwana, kenaka mawu aulemu, osalala ngati olankhula kwa mlendo wa ku tchalitchi: "Zikomo anti chifukwa cha nsapato." Poyamba achemwali ankamudzudzula kuti amenewa ndi amayi ako, koma m'kupita kwa zaka anatopa nazo. Ndinkatsika pachitundapo mtima ukuwawa, n'kumadzitonthoza kuti ndikadzangomutenga zonse zidzakonzeka.

Tsopano ndifike pa chimene ndinapalamula. Kufupi ndi kanyumba kathu kunali maenje anayi amene a Dokotala anawazika zikhomo zolembedwa manambala. Ndinawaona akuponyamo tinthu tonga mabatani pamene kamba ankaikira, koma pa mafunso anga onse aja, limenelo ndinaliphonya. Khrisimasi itayandikira anapita ku Durban kwa masiku khumi, n'kundisiya ndikuyang'anira malo. Dzuwa la sabata imeneyo linali la mtundu wina. Mchenga unkawotcha kudutsa patapata. Ndinkati ndikayang'ana maenje aja ali pambalambanda, opanda ngakhale tsamba, mtima unkandiluma. Mwana wa mlimi wa fodya sangaone pofesedwa mbewu pali pamtetete n'kudutsa. Bambo anga ankatikwapula tikasiya bedi losaphimbira ngakhale theka la tsiku.

Ndinatenga mpeni wa buledi n'kukamweta udzu kuseri kwa zitunda. Ndinauyala bwinobwino pa maenje onse anayi, osathinitsa, monga timachitira pa nazale. Ndinaboola chitini ndi msomali kuti chikhale keni, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathirira ndi madzi a mu thanki. A Jabulani atandipeza anayesa kuti ndatumidwa, mpaka anandithandiza kusenza mitolo iwiri. Masiku khumi amenewo ndi amene ndinasangalala koposa m'zaka zanga zonse za ku Joni. Manja anga anali akugwira ntchito imene ankaidziwa.

A Dokotala atabwera sanatsitse n'komwe katundu. Anaona udzu ali patali n'kuthamanga.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, madamu," ndinatero monyadira. "Anali pa dzuwa."

Anakhala pansi pamchenga, manja kumutu. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, koma analankhula motsitsa. Anati mabatani aja ndi oyezera kutentha, ndipo ntchito yawo yonse inali yofuna kudziwa mmene mchenga ukutenthera pawokha, popanda wougwira, tsopano pamene dziko likunka litentha. Ndinafunsa kuti kutentha kwa mchenga kuli ndi kanthu kanji. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Veronica, dzira la kamba likamaikiridwa silikhala lalimuna kapena lalikazi. Umasankha ndi mchenga. Ukatentha kwambiri kumatuluka akazi, ukazizira amuna. Ndipo zimenezi zimachitika m'masabata a pakati, enieni amene iwe wakhala ukuthirira. Magombe ena tsopano akutulutsa pafupifupi akazi okhaokha, n'chifukwa chake tikuyeza. Maenje anayi awa ndawataya. Ndipo ana amene akanakhala aakazi, mwina wawasandutsa amuna."

Safunsa anadya phula. Ndinaona ntchito ikutha, sukulu ya Tadala ikutha nayo, ine ndikubwerera kumudzi ndi thumba la ufa lomwe lija. Koma ndiulule, pakati pa mantha onsewo chidwi sichinandisiye. Ndiye kuti mayi uja amasambira mtunda wonsewo, amakumba, amagwetsa misozi, koma chimene mwana adzakhale amachipanga ndi mchenga umene wamusiyamo? Ine, mlendo wa mpeni wa buledi, ndinali ndi mawu pa ana aja kuposa amene anawabereka. Ndinachotsa udzu wonse madzulo omwewo, ndipo ndikuchotsa sindinkaganiza za akamba okha.

Masiku awiri a Dokotala sanandilankhule kupatula "zikomo" wa pa chakudya. Ndinalongedza zovala mwakachetechete. Tsiku lachitatu anandiitanira pa kompyuta. Anali atafukula batani limodzi, ndipo anandionetsa mzere wa kutentha ukukwera, kukwera, kenaka n'kutsika pa tsiku lenileni limene ndinayala udzu.

"Unayala wochindikala bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi zala.

"Nanga kwanuko mumauchotsa liti?"

Ndinawafotokozera kuti suchotsedwa tsiku limodzi. Mbewu ikayamba kumera umapatulira pang'onopang'ono, chifukwa ukausiya wothinana mbande zimatuluka zoonda, zazitali, zina zimafera pansi pomwepo. Analemba zonsezo. Anati kumayiko ena ofufuza akuyesa kale kutchinga maenje ndi maukonde komanso kuthirira, koma maukonde ndi odula pamene udzu uli pomwepo.

"Zimene unachita n'zolakwa, usadzachitenso kanthu osafunsa," anatero. "Koma chaka chamawa ndipempha chilolezo tiyese mwadongosolo, maenje ena ophimbira, ena ayi. Woyala udzu udzakhala iwe, ndipo malipiro ako adzakwera. Za mwana wako sizinasinthe."

Ndinakamasula chikwama ndikuimba.

Maenje anga anaswa kumapeto kwa Januwale. Patapita masiku tinakafukula m'mawa kuti tiwerenge zikhokhombe za mazira, ndipo pansi penipeni tinapeza kamwana kamodzi kamoyo, kotsalira. Kanakwana m'chikhatho changa, kakupalasa mphepo ndi timiyendo. Ndinakakulunga pa nsonga ya chitenje kuti ndikakatule m'madzi, poti mtunda unali wautali ndipo nkhanu zinali tcheru.

"Katsitse, sisi," anatero a Jabulani. "Kayende kokha. Iwe ingoingitsa nkhanu."

A Dokotala anati ambiri amakhulupirira kuti ulendo wa pamchengawo umakalimbitsa, mwinanso umakathandiza kudziwa kwawo, ngakhale palibe amene watsimikiza. Ndinayenda pambali pake ndi kamtengo, pang'onopang'ono, mpaka funde linakatenga.

Ndinabwerera kumudzi mu Seputembala. Ndinali ndi masutikesi awiri, kalata ya sukulu, yunifolomu yogula kale, ndi matikiti awiri a basi a pakati pa Okutobala, kuti ndikafike nyengo ya akamba isanayambe. Nditatsika minibasi, ndisanakwere kabaza, ndinagula mandasi. Ndinkaona ngati ndi nzeru.

Pakhomo panadzaza anthu. Mtsikana wamtali anatuluka m'khitchini, anapukuta manja pa chitenje, n'kugwada patali pang'ono. Nkhope inali yanga, ngati ndikudziyang'ana pa galasi. Ndinamupatsa mandasi aja. Analandira ndi manja awiri, anayang'ana m'pepalamo, kenaka anati, "Zikomo anti. Koma chigayo chake chinali kutali."

Anthu anafa nako kuseka. Nanenso ndinaseka, kenaka ndinapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukaona nkhokwe.

Masiku otsatira ndinkangomuyang'anitsitsa mwana uja monga a Dokotala amayang'anira akamba awo. Nkhope yokha ndiyo inali yanga. Kayendedwe kanali ka a Rozina, kaimidwe ka dzanja m'chiuno ka a Rozina, kuchepa mawu ndi nthabwala zoluma mosakweza mawu, zonse za a Rozina. Akapsa mtima ankakatsuka mapoto oyera kale, ngati iwo. Yunifolomu anaiyesa, anathokoza, anaipinda bwinobwino n'kuibwezera mu sutikesi yanga.

Tsiku lina masana tikusenda mtedza pakhonde ndinawauza achemwali za matikiti. Anasenda mtedza wina kaye.

"Mwana ndi wako, Velo. Sindinamubereke ine. Koma ukamufunse wekha, ine sindingathe." Anaponya makoko pansi. "Utachoka, mwezi wathunthu ankakaima pa msewu madzulo alionse kudikira mandasi. Kenaka tsiku lina sanapite. Tsiku limenelo ndinalira ndine."

Ndinayang'ana m'mwamba. Malata anga anali pamwamba pathu, akulira ndi dzuwa, ndipo ndinachita nawo manyazi.

M'mawa mwake ndinamutsatira Tadala ku dimba. Chitsime chinali chomwe chija, mabedi pamalo pomwe paja. Mbewu inali itayamba kumera, timasamba ting'onoting'ono tobiriwira pansi pa udzu. Pofuna kuonetsa kuti sindinaiwale, ndinatenga mtolo n'kuyamba kuwonjezera pamene ndinaona ngati papepuka.

"Anti, mwachulutsa," anatero. "Yamera kale imeneyo, ikufuna kuwala. Mukaithinitsa ifera pansi."

Anagwada n'kuchotsa umene ndinaika, zala zikuyenda mopepuka, osakhudza mbande. Mawu amene ine ndinawaphunzitsa a Dokotala, mwana wanga ankandiphunzitsa ine. Ndinayamba kuseka, ndipo atandiyang'ana modabwa ndinamuuza kuti si koyamba udzu kundipalamulitsa. Ndinamusimbira za maenje anayi, mpeni wa buledi ndi chitini choboola. Kwa nthawi yoyamba anatula keni pansi n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndiye kuti mukathirira amasanduka amuna? Nanga nkhuku bwanji sizitero?"

"Sindikudziwa. Tidzawafunsa a Dokotala."

"Nanga nkhasi za m'dambo muno?"

"Anati zina mwa izo zimatero."

"Nanga pansipo amapuma bwanji?"

Mafunso ankangotuluka, lina pamwamba pa linzake, osadikira yankho lithe. A Rozina safunsa mafunso, amangoona n'kusunga. Apa ndiye ndinapeza changa mwa mwanayu, ndipo mtima unadumpha. Ndinatulutsa foni n'kumumvetsera timawu ta m'mazira tija. Anaigunditsa kukhutu, atatsinzina, n'kubwereza katatu.

"Amayi awo amamva akamaitana chonchi?"

"Ayi. Amakhala ali kutali."

"Sabweranso?"

"Amabwera pagombe lomwelo patapita zaka. Koma ana amakhala atapita kale."

Anandibwezera foni n'kutola keni. "Inu mwabwera ine ndilipo," anatero, ngati akunena za nyengo.

Pamenepo ndinalimba mtima n'kumufunsa. Ndinamuuza za sukulu ya mawindo a magalasi, za kachipinda ka kuseri, za nyanja imene adzaione ndi maso ake, akamba aakulu ngati chitseko. Ndinaona kuti za akambazo zamukoka, poti anameza malovu. Koma anayang'ana mabedi, anayang'ana kumudzi kumene utsi wa khitchini ya a Rozina unkakwera, n'kupukusa mutu.

"Sindingawasiye amayi. Komanso nazaleyi ndafesa ndine." Anathirira bedi lonse mpaka kumapeto, kenaka osatembenuka anati, "Inuyo bwanji osakhala mpaka tiwokere?"

Kuwokera ndi mu Disembala, mvula ikagwa. Iye sankadziwa chimene ankapempha, koma ine ndinkadziwa. Disembala ndi pakati pa nyengo ya akamba. Kukhala kunali kutaya ntchito yokhayo imene inandipatsa ulemu ku Joni, malipiro okwera aja, ndi udzu wanga womwe. Ndikanatha kumukakamiza, poti kalata yobadwira ili ndi dzina langa ndipo palibe akananditsutsa. Ndinayenda nazo mumtima masiku atatu. Kunena zoona ndinakwiya, ndinawachitira nsanje achemwali anga, ndinadzimvera chisoni. Ndinkaganiza kuti ndinasiya mwana kumudzi monga munthu amasiyira katundu, kuti adzamupeze mmene anamusiyira. Koma mudzi sunamusunge chabe, unamuumba, ndipo unamuumba bwino. Tsiku la basi linafika, ndipo linandipeza ndili ku dimba.

A Dokotala anadandaula, koma anamvetsa. Anati sangadikire, alemba wina wophika, ndipo udzu adzayala a Jabulani. Vuto linali lakuti a Jabulani ankaunjika ngati akufolera nyumba. Ndiye Loweruka lina tinawaimbira pa vidiyo tili pa nazale, ine nditagwira foni, Tadala akuonetsa ndi manja ake mmene udzu umayalidwira ndi mmene umapatulidwira. Atamaliza anawapanikiza a Dokotala ndi funso la nkhuku lija, ine ndikumasulira, mpaka mayunitsi anatha. Zotsatira za kuyesako sindinazimvebe, akuti zimatenga zaka. Tadala amandikumbutsa mwezi uliwonse kuti ndifunse.

Ndalama tsopano n'zosowa, sindinama. Ndimagula tomato n'kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki ku malire, ndipo masiku ena ndimabwerako ndi theka la dengu. Nyanja ndimaisowa, chinthu chimene sindinkayembekeza. Mphepo ikamawomba m'mabulugamu a kuseri kwa tchalitchi ndimaima kaye, poti imamveka ngati mafunde.

Mvula yowokera inagwa sabata yachiwiri ya Disembala. Tinali m'munda tonse, matope mpaka mu akakolo, a Rozina mzere wawo, ine wanga, Tadala patsogolo akuponya mbande m'maphando. Mbande zitamuthera anaima n'kufuula, "Amayi!"

Tinaweramuka tonse awiri. Anatiyang'ana, uyu ndi uyu, dzanja lili m'chiuno, ngati akuyeza chinthu.

"Osati inu," anawauza a Rozina. "Ndikunena amayi aang'onowo. Abweretse dengu."

Mng'ono wa amayi ake. Ndinamubereka ndine, ululu wake ndinaumva ndine, ndipo malo amene anandipezera ndi amenewo. Zinandipweteka, komanso ndinakondwa kuposa tsiku limene ndinalandira malipiro oyamba. A Rozina anawerama msanga ngati sanamve. Ine ndinapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja lamatope, ndinasenza dengu la mbande, n'kuyankha kuti, "Ndikubwera."